Mantha a mpeni anandidyera mpamba

Ndimagulitsa kaunjika, ndili ndi zaka 44 ndi ana atatu, ndipo mu February 2024 anandichotsa chiberekero chifukwa cha zotupa. Opaleshoni yeniyeniyo sinakwane n'komwe maola awiri. Kuiopa ndi kumene kunatenga miyezi, kunandigwetsa pamsika, n'kundilowetsa m'ngongole. Ndikulembera inu amene mwapatsidwa tsiku lopita ku fiyeta, ndipo chilandirire tsikulo tulo sitikubweranso.

Zinayamba ndi kusamba. Masiku ochepa aja anasanduka sabata yathunthu, magazi ake oundana, moti pamsika ndinkakhalira chitenje chopinda kanayi kuopa kuchita manyazi ndikaimirira. Kenako chizungulire, kupuma mwawefuwefu ndikangokwera kamtunda, kukodza pafupipafupi usiku. Mimba inatuluka mpaka anzanga kumandinena kuti ndabisa wachinayi. Mu May 2023 anandiunika pa sikani n'kupeza zotupa zingapo, chiberekero chitakula ngati cha mayi wapakati wa miyezi isanu. Atayeza magazi anapeza 7.8, pamene mayi wabwinobwino amayenera kukhala pa 12 kapena kuposa apo.

Adokotala anafotokoza zambiri tsiku limenelo, koma m'khutu mwanga munalowa mawu awiri okha: chotupa ndi opaleshoni. Nditangomva za chotupa, mutu wanga unamaliza wokha kuti khansa. Ndikanakhala ndi munthu wachiwiri m'chipindamo, akanandibwerezera kunyumba zimene ine ndinadzazimvetsa patapita miyezi. Zotupa zimenezi, zimene amazitcha mafaibuloidi, ndi mnofu wa chiberekero umene umangokula mopitirira. Pafupifupi zonse sizikhala khansa, n'zofala kwambiri mwa amayi achikuda a zaka za m'ma 30 ndi 40, ndipo zimayamba kufota munthu akasiya kusamba. Khansa ya khomo la chiberekero, imene yatha amayi ambiri m'dziko muno, ndi matenda ena. Anali atandiyeza kale ndi viniga uja n'kupeza kuti ndilibe. Zinalembedwa m'buku langa la kuchipatala, koma zolemba za madokotala amawerenga ndani? Tsiku lokamva zotsatira musamapite nokha, ndipo mafunso muzilemberatu kumapeto kwa buku lomwelo, chifukwa ukakhala pampando uja mutu umaima.

Nkhani itangomveka, aliyense anasanduka dokotala. Apongozi anga anati jakisoni wa pamsana amapha miyendo, ndipo anatchula mayi wina wa kwawo amene akuti amakwawa mpaka lero. Mnzanga woyandikana naye benchi anati msuweni wake analowa ku fiyeta akuseka, anatuluka atamuphimba kumaso. Alamu anga sanakambe za imfa. Iwo anangondinong'oneza kuti mkazi wopanda chiberekero amazizira, bambo amayamba kuyang'ana kunja. Usiku ndinkatenga foni n'kumaonera mavidiyo a opaleshoni pa YouTube, bandulo kutha, ine thukuta lili kamukamu. Chikhalirecho m'dera lathu amayi obereka ndi mpeni ndi osawerengeka. Akutunga madzi, akulima, ena anabwererakonso kachiwiri ndi kachitatu, koma za iwo palibe amakamba. Imene imayenda ndi nkhani ya amene sanabwereko.

Manthawa sanali a m'mutu mokha. Ndinkadzidzimuka cha m'ma 2 koloko usiku mtima ukugunda mpaka m'makutu, m'manja muli chinyezi, m'mimba mukuwira. Pamsika ndinkabweza chenji yolakwika. Ana ndinkawakalipira pa zinthu zopanda pake. Tsiku lina ndinaitanira mwana wanga wamkulu kuchipinda n'kumuonetsa pamene ndimasunga mapepala a puloti ndi kope la anthu angongole, iye n'kumangondiyang'ana osamvetsa. Koma aliyense wondifunsa, ngakhale amayi anzanga a Mvano, ndinkamuyankha chimodzimodzi: "Zonse zili m'manja mwa Mulungu." Ndinkakhulupiriradi zimenezo, komanso anali mawu abwino otsekera nkhani. Kwathu kuno munthu wamkulu akanena kuti ndikuopa, zimaoneka ngati wachepa chikhulupiriro, mwinanso akudziitanira tsoka.

Tsiku loyamba anandipatsa la mu August. Sindinapite. Ndinali nditapeza bambo wina wogulitsa mankhwala azitsamba "osungunula zotupa", a m'zigubu za malita asanu, ndipo anandiuza kuti ndisaphatikize ndi za kuchipatala. Sizinandivute kumumvera, chifukwa mapiritsi owonjezera magazi amene anandipatsa kuchipatala ankandidetsa chimbudzi ndi kundimanga m'mimba, ine n'kumaganiza kuti akundiwononga m'kati. Kuda kwa chimbudziko ndi mmene mapiritsiwo amachitira, si matenda. Chofunika n'kusawamwera tiyi, poti tiyi amatchinga ayironi wa m'mapiritsiwo kulowa bwino m'thupi. Zigubuzo zinadya ndalama ya belo lathunthu la madiresi. Zotupa sizinasungunuke. Mu October, dzuwa lili paliwombo, ndinagwa pakati pa makasitomala, ndipo anzanga anandithamangitsira kuchipatala pa kabaza wa njinga yamoto, wina atandigwirira kumbuyo. Magazi anali atatsika kufika pa 6, mpaka anachita kundiika ena.

Ukajomba tsiku lako kuchipatala cha boma, mzere sukudikira, umakayambiranso kumbuyo. Bambo akunyumba anati tiyese chipatala cholipira kuti zithe msanga. Koma umo munali mu November, kwacha itangogwa ndi 44 peresenti, ndipo mtengo umene tinamva pakati pa chaka unali utasintha. Watsopanowo, ngakhale tikanagulitsa katundu yense wa pabenchi ndi firiji yomwe, sitikanaufika. Tinabwerera ku boma, n'kupatsidwa tsiku la pakati pa December.

Achemwali anga anabwera kuchokera ku Dedza kudzakhala gadiyani, atasenza ufa, beseni, ndowa ndi fulasiki. Choyamba kutivuta chinali magazi. Opaleshoni ngati yanga sayamba popanda magazi odikirira, ndipo a Malawi Blood Transfusion Service amadalira kwambiri ana asukulu, choncho sukulu zikatsekera magazi amachepa. Bambo akunyumba ndi mchimwene wanga anakapereka. Ngati tsiku lanu lagwera nthawi ya holide, funsiranitu za magazi, ndipo konzeranitu achibale athanzi.

Usiku umenewo sindinatseke chikope. Mayi wa bedi loyandikana nane anali atangochokera ku fiyeta, akubuula. Pakati pa usiku m'khonde munadutsa kabedi ka matayala kopita ku mochale, amayi akulira pambuyo pake, ine chamumtima n'kuti mawa ndi ine. Kutacha anandiveka gauni yotsegula kumbuyo, kundiika diripu, n'kundikankha mpaka pakhomo la fiyeta. Aliyense wokumana nane ankafunsa dzina langa ndi opaleshoni imene ndabwerera, moti ndinaganiza kuti ataya fayilo, mwina andisokoneza ndi wina. Atandimanga lamba wa BP, makina anaonetsa 192 pa 114. Anandisiya ndipume, kuyezanso, osatsika. Adokotala ogonetsa anapukusa mutu.

"Mayi, lero sitikugwirani. Kukung'ambani BP ili chonchi n'kuputa dala ngozi."

Kunena zoona, choyamba chimene ndinamva ndi chimwemwe, ngati mwana amene wauzidwa kuti aphunzitsi a chikwapu aja lero sabwera. Manyazi anandipeza ku wodi, poona achemwali akupinda zofunda osalankhula kanthu. Kenako ndinayamba kuwerengera. Podziwa kuti ndikhala chigonere, sindinaode katundu wa Khirisimasi, nthawi yokhayo pachaka imene kaunjika amayenda yekha, ndipo ndalama yoodera inali italowa ku zokonzekera chipatala. Ndinabwerera kunyumba ndi zotupa zanga zomwezo, benchi lili mbee. Mu January ndinakakongola ku banki m'khonde, kumene gulu lathu limaika chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi.

Namwino wina ndi amene anandimasulira zimene zinachitika pakhomo paja. Munthu akachita mantha thupi limatulutsa adirenalini, mtima umathamanga, mitsempha imafinyika, BP n'kukwera. Pa opaleshoni yoti ikhoza kudikira, madokotala ambiri amaimitsa opaleshoniyo BP ikafika 180 pa 110 kapena kuposa, poopa sitiroko, vuto la mtima ndi kutaya magazi ambiri. Ananditumiza ku kiliniki ya BP, kumene anandiyambitsa amlodipine, piritsi limodzi tsiku lililonse. Inu amene mukudikira tsiku lanu, muzikayezetsa BP kuchipatala chaching'ono cha boma cha kwanu masabata akadalipo. N'zaulere, sizitenga mphindi zisanu, ndipo ikapezeka yokwera pamakhala nthawi yoitsitsa.

Ulendo wa mu February zinthu zinatembenukira pa kanthu kakang'ono. Madzulo oti mawa lake ndi opaleshoni kunabwera adokotala ogonetsa, mnyamata woti ndikhoza kumubereka. M'zipatala zathu ntchito yogonetsa odwala amaigwira kwambiri ndi ma clinical officer amene anaiphunzira mwapadera, ndipo amayendera odwala awo opaleshoni isanachitike. Mu December anabweranso wina, koma ine ndinkangoyankha eya ndi ayi kuti achoke msanga. Uyu anandiuza ndiyasamule, n'kufunsa ngati ndili ndi dzino logwedera, mphumu, mankhwala amene sindiyanjana nawo, ndi zonse zimene ndakhala ndikumwa. Za zigubu zija ndinaulula. Sanandikalipire, anangoti zitsamba zina zimachedwetsa magazi kuundana ndipo zina zimalimbana ndi mankhwala ogonetsa, ndiye wakumwa ayenera kunena ndi kusiyiratu masabata angapo tsiku lisanafike. Amene ali pa ma ARV, a shuga, ndi amene amamwa asipirini, nawonso asabise.

Atatseka fayilo anafunsa, "Pali funso, mayi?"

Ndinati palibe. Achemwali, amene anakhala pansi pachitenje akupukuta mbale, anadzutsa mutu. "Adokotala, mng'ono wangayu akunama. Akuopa kufa. Chiyambire chaka chatha sagona."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Koma mnyamatayo anakoka mpando n'kukhala.

"Chikukuopsani kwenikweni n'chiyani, mayi? Tchulani chimodzichimodzi."

Ndinayamba ndi jakisoni wa pamsana. Anatembenuza buku langa n'kujambula msana kuchikuto. Anandionetsa kuti mtsempha waukulu wochokera ku ubongo umathera m'mwamba, cha pamwamba pa chiuno, pamene singano amaibaya m'munsi mwake, m'malo mmene muli madzi. Ndipo singanoyo ndi yowonda kuposa ya diripu imene inali pamkono panga. Mankhwalawo amachititsa dzanzi kuyambira m'munsi mwa mabere mpaka kuzala, ndipo pakatha maola awiri kapena atatu miyendo imayamba kubwerera yokha. Sanandinyengerere kuti palibe choopsa. Anati BP ikhoza kutsika mwadzidzidzi, ndikhoza kumva nseru kapena kunjenjemera, ndipo ena mutu umawapweteka masiku angapo, makamaka akadzuka kukhala tsonga, koma zonsezi ali nazo zothandizira. Kulumala chifukwa cha jakisoniyu anati n'kosowa kwambiri.

"Opaleshoni iliyonse ili ndi ngozi yake, mayi, sindingakunamizeni. Koma inu mwagwapo kale pamsika. Kusunga zotupazi nakonso si kuthawa ngozi."

Ndinafunsa ngati ndidzaumve mpeniwo. Anati ndidzamva kukoka ndi kukankha koma osati ululu, ndipo sayamba kucheka asanayese kaye potsina pamimba. Nanga mankhwala akatha ntchito ili m'kati?

"Ine sindicheka nawo. Ntchito yanga ndi kukhala kumutu kwanu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kuyang'ana BP, mtima ndi mpweya wanu. Mukamva kupweteka mundiuza, ndikupatsani mankhwala ogona tulo."

Sindinkadziwa kuti mu fiyeta mumakhala munthu amene ntchito yake ndi ine ndekha. Nditamva zimenezo, chinthu chimene chinandimanga pachifuwa kwa miyezi chinayamba kumasuka. Anandiuzanso kuti kufunsidwa dzina kambirimbiri kuja si kusokonezeka ayi. Ndi ndondomeko imene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa mu 2008, yoti asanacheke atsimikize kuti wodwala ndi yemweyo ndipo opaleshoni ndi yomweyo.

Funso la alamu anga lija sindikanatha kufunsa mnyamata. Ndinafunsa asisitala a pa wodi, mayi wachikulire, ndipo iwo anadikira nthawi yoona odwala n'kuitanira bambo akunyumba pambali. Anawauza pamaso panga kuti akuchotsa chiberekero chokha, timatumba ta mazira akutisiya, choncho thupi lipitiriza kugwira ntchito ngati la mkazi aliyense. Chimene chisiye ndi kusamba ndi kubereka basi. "Bambo, mupirire masabata 6 bala lipole. Zinazo ndi nkhani za pamjigo." Bambo anaseka mwamanyazi, koma ndinaona kuti funsoli nawonso anali nalo.

Usiku foni ndinaipereka kwa achemwali. Anandiluka tsitsi uku tikukamba za mtengo wa feteleza ndi ana a kumudzi amene akwatiwa. Mtima ukayamba kuthamanga ndinkachita zimene adokotala aja anandiphunzitsa: kukoka mpweya ndi mphuno ndikuwerenga mpaka 4, n'kuutulutsa pang'onopang'ono ndi pakamwa mpaka 6 kapena 8. Kutulutsa motalikako ndi kumene kumabweza mtima. Mantha sanathe, ayi, koma ndinagonako ndithu. Anali atandiuzanso kuti tulo tikakaniratu ndikhoza kupempha piritsi, osamangogona maso ali gwa.

Kuyambira pakati pa usiku anandiletsa kudya. Piritsi la BP lokha anati ndimwe m'mawa ndi timadzi tochepa. Apa magadiyani amalakwitsa chifukwa cha chikondi. Mtsikana wina pa wodi yathu anabwezedwa m'mawa womwewo chifukwa amayi ake anamupatsa tiyi ndi banzi mobisa, "kuti akhale ndi mphamvu". Munthu akagonetsedwa, za m'mimba zikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo, ndipo zimenezo zimapha. Ngakhale a jakisoni wa pamsana amawaletsa, poti mwina pangafunike kuwagonetsa ntchito ili m'kati.

Anandiuza kuti ndilowa m'mawa. Ndinalowa 2 koloko itadutsa. Amayi ovutika pobereka ndi ena amwadzidzidzi amalowa patsogolo, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira, koma kudikira ndi njala, kukhosi kutauma, n'kumene mantha amabwereranso mwamphamvu. Dziwiranitu kuti kuchedwa sikutanthauza kuti apeza choipa mwa inu. Pakhomo paja BP inali 146 pa 90.

Mu fiyeta mumazizira, ndipo magetsi ake ndi othobwa m'maso. Chimene sindinayembekeze ndi kupeza anthu akukangana za Bullets ndi Wanderers uku akusamba m'manja. Zinandikhazika mtima pansi kuposa mawu aliwonse achitonthozo: kwa iwo linali tsiku la ntchito basi. Anandikhazika m'mphepete mwa bedi, kundikumbatitsa pilo, namwino atandigwira mapewa kuti ndiwerame. Kumsana kunazizira ndi mankhwala opukutira, kenako kuluma kwa kanthawi, kosaposa kwa jakisoni wamba. Miyendo inayamba kufunda, kulemera, mpaka nditayesa kugwedeza chala chinakana. Anandiika paipi ya mkodzo, n'kutchinga nsalu pachifuwa. Ndinamva kukokakoka kuja, ndipo nthawi ina nseru inandigwira. Nditanena, anathira mankhwala mu diripu, inatha. Adokotala ogonetsa aja ankandifunsa mmene munthu angadziwire belo labwino asanalitsegule, ine n'kumawafotokozera ndithu za zilembo ndi kamangidwe kake, mimba ili yotsegula.

Zowawa zenizeni zinabwera pambuyo, ndipo pa izi ndisakubiseni. Dzanzi litatha madzulo, balalo linapweteka kuposa mmene ndinkaganizira, kuwonjezera kunjenjemera ndi mpweya wodzaza m'mimba. Musamadikire kuti ululu ufike pachimake. Pemphani mankhwala ukangoyamba. M'mawa mwake anandidzutsa kuti ndiyende, ine n'kumaona ngati nkhanza, koma kuyenda msanga kumateteza magazi kuundana m'miyendo ndiponso kumadzutsa matumbo. Pokhosomola ndinkagwiriza pilo pabala. Sabata isanathe ndinali kunyumba, atandichenjeza kuti ndikaona kutentha thupi, mafinya pabala, magazi ambiri kapena mwendo umodzi kutupa, ndibwerere msanga.

Opaleshoniyo sindinalipire ngakhale tambala. Ndalama zinapita ku zigubu zija, sikani ya kuchipatala cholipira, thiransipoti ndi chakudya cha gadiyani maulendo onse, mankhwala ena amene tinakagula ku famase atatha pa wodi, ndi benchi lotseka. Belo la makilogalamu 45 anandiletsa kulinyamula kwa miyezi itatu. Ndinayambiranso pogawana belo limodzi ndi mnzanga, ndipo ngongole ya banki m'khonde ndinaimaliza m'nyengo yozizira. Mukamakonzekera, werengerani ndalama ya miyezi iwiri yosagwira ntchito, ndi ina yapadera, poti tsiku likhoza kusintha ngakhale inuyo mulibe vuto.

Nditapita kukaonedwanso, magazi anali atafika pa 11 ndipo chizungulire chinatha. BP yokha ndi imene sinachoke ndi chiberekero. Ndinkaganiza kuti opaleshoni ikadutsa mapiritsi ndisiya, poti inali ya mantha, koma a ku kiliniki anati matendawo ndinali nawo kale osadziwa, mantha anangowakweza kufika poonekera. Amlodipine ndikumwabe, mchere ndinachepetsa, ndipo ndimakayezetsa kamodzi pamwezi ndisanapite kukaoda katundu.